Mbedza ya nthenga ndi nsomba yochenjera ya ku Nyika

Amene amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Jenda amazidziwa galimoto za alendo zimene zimaima pa rodibuloko zitasenza mahema padenga, kenako n'kupitirira chakumpoto. Ena mwa alendo amenewa ulendo wawo umakathera ku Nyika, ndipo m'katundu wawo mumakhala kachubu kosungiramo ndodo yowedzera yopepuka zedi. Amakawedza nsomba yotchedwa trout, koma nyambo yawo si nyongolotsi kapena nsima. Ndi nthenga zomangirira pa mbedza. Munthu wokulira m'mbali mwa South Rukuru kapena Luwelezi akamva zimenezi sangalephere kufunsa. Nawa ena mwa mafunsowo ndi mayankho ake.

Kodi trout ndi nsomba yanji, ndipo inafika bwanji kuno?

Si nsomba yathu. Mtundu umene uli m'Malawi, wotchedwa rainbow trout, kwawo ndi m'mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America imene imathira m'nyanja ya Pacific, komanso ku Kamchatka m'dziko la Russia. Ili ndi mamba ang'onoang'ono, mawanga akuda pamsana ndi kumchira, ndipo m'nthiti mwake mumadutsa mzere wofiirira. Ndi m'bale wake wa salmon.

Inabwera ndi atsamunda. Kulikonse kumene Angelezi anakhazikika, akapeza phiri la madzi ozizira ankaitanitsa mazira a trout pa sitima ya pamadzi, atawalongedza m'mabokosi a ayezi. Ku Natal anayamba cha m'ma 1890, ku Kenya mu 1905, ndipo kuno ku Malawi mu 1906. Sanaibweretse kuti ithetse vuto la ndiwo ayi, ankangofuna masewero amene anazolowera kwawo. Ulimi wa nsomba zathu, makumba ndi chilunguni, unadzayamba patapita zaka pafupifupi 50, m'ma 1950, nthawi imene boma linatsegula malo oyeserera ulimiwu ku Domasi. Mapiri amene amadziwika ndi trout ndi atatu: Zomba, kumene kuli mtsinje wa Mulunguzi, Mulanje, ndi Nyika, kumene imapezeka m'madamu atatu a ku Chelinda ndi m'timitsinje tozizira ta pamwamba pa phiripo.

Nanga bwanji sitiiona mu South Rukuru kapena m'timitsinje ta kufupi ndi Jenda?

Nkhani yagona pa kutentha kwa madzi. Trout imakhala bwino m'madzi a madigiri 10 mpaka 16. Akafika pa 20 imayamba kuvutika ndipo imasiya kudya, akapitirira 24 kwa masiku angapo imafa. Chimene chimaipha kwenikweni ndi kubanika. Madzi akamatentha, mpweya wa okosijeni umachepamo: lita imodzi ya madzi a madigiri 10 imasunga mamiligalamu pafupifupi 11 a mpweyawu, koma pa madigiri 25 amatsala 8 okha, chonsecho thupi la nsombayo likufuna mpweya wochuluka kuposa kale chifukwa cha kutentha komweko. Mlamba umapirira m'thope chifukwa umatha kupuma mpweya wakunja. Trout ilibe mwayi umenewo.

Tsono taonani kusiyana kwa malo. Boma la Mzimba lili pa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere. Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira 2,600. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake ku Chelinda m'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera mbee ndi chisanu choundana, pamene kuno Okutobala akafika mitsinje yambiri imatsala mchenga ndi maiwe ofunda apa ndi apo.

Palinso za kuswana. Yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira wake pa timiyala toyera ta pansi pa mtsinje, n'kuikiramo mazira, n'kuwakwirira ndi timiyala tomweto. Madzi amayenera kumadutsa m'mipata ya timiyalato kuti mazira apume. Matope akatseka mipatayo, mazira amaola. Mtsinje umene umafiira ndi dothi la m'minda dzinja lililonse sungaswetse trout, ngakhale utakhala wozizira chotani.

Kuwedza ndi nthenga kukusiyana pati ndi kuwedza kumene tinazolowera?

Pa mbedza yathu cholemera chimakhala kunsonga: nyongolotsi, kamtovu kapena kamwala, ndi kachidutswa ka patapata koyandama. Mukaponya, cholemeracho n'chimene chimakoka chingwe. Nyambo ya nthenga ilibe kulemera kwenikweni. Mutaigwira m'manja n'kuiponya, ingagwere paphazi panu pomwepo. Choncho kulemera anakuika m'chingwe. Chingwe chake n'chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, chotalika mamita pafupifupi 27, ndipo nthawi zambiri chimayandama. Wowedza amachiulutsa kumbuyo ndi kutsogolo ndi ndodo yofewa ya mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo, monga amachitira woyendetsa ngolo ndi mkwapulo wake, kungoti pano chingwe sichiyenera kulira. Chikalira ndiye kuti mwafulumira kuchibweza chisanaongoke kumbuyo, ndipo nyambo yaduka.

Kunsonga kwa chingwe chonenepacho amalumikizako nayiloni yosaoneka bwino m'madzi, ya mamita atatu kapena anayi, imene imanka nichepa mpaka kumapeto kumene kuli mbedza. Ntchito yake ndi kutalikitsa nyambo ku chingwe chonenepa chija, ndi kuichititsa kutera pamadzi mwakachetechete.

Lusoli ndi lakale. Cha m'chaka cha 200, wolemba mabuku wa ku Rome dzina lake Claudius Aelianus analemba za anthu a ku Macedonia amene ankamanga ubweya wofiira ndi nthenga za tambala pa mbedza kuti agwire nsomba zamawanga mumtsinje wina kwawoko. Ku England buku loyamba lofotokoza mamangidwe a nyambo zotere linasindikizidwa mu 1496.

Koma nsomba ingameze bwanji nthenga? Siimva kuti si chakudya?

Imamva, koma italowetsa kale m'kamwa. Trout imadalira kwambiri maso posaka chakudya, ndipo mumtsinje madzi amayenda, choncho imakhala ndi kanthawi kochepa koti iganize. Kanthu kooneka ngati kachilombo kakamadutsa, imakatola ndi pakamwa, ndipo ikazindikira kuti n'konama imakalavula msanga. Wowedza amakhala ndi kamphindi kameneko koti akweze ndodo, mbedza ikole.

Kuti mumvetse, pitani pakamtsinje kalikonse ka madzi oyera, kaya ku Champhira kaya ku Khosolo, mutembenuze mwala wa m'madzi othamanga. Pansi pake mupeza tizilombo tophwatalala ta michira iwiri kapena itatu tikuthawira m'mbali, ndi tina tokhala m'timachubu timene tamanga tokha ndi mchenga kapena tizitsotso. Amenewa ndi ana a tizilombo touluka. Amakhala m'madzi miyezi yambiri, kenako amakwera pamwamba, kufundula, n'kuuluka. Mitundu ina ikauluka imangokhala tsiku limodzi kapena awiri, sidya n'komwe, imangokwerana, kuikira mazira pamadzi n'kufa. Anthu a kunyanja amazidziwa bwino zimenezi chifukwa nkhungu zimene zimafuka pamwamba pa nyanja ya Malawi zimachokeranso pansi pa madzi momwemo.

Chakudya chambiri cha trout ndi tizilombo timeneti tikadali pansi pa madzi. N'chifukwa chake nyambo zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu: zoyandama, zotsanzira kachilombo kamene katera pamwamba, ndi zomira, zotsanzira mwana wake. Palinso zotsanzira mbululu, nkhanu zazing'ono, tinsomba, ziwala ndi ngumbi zimene mphepo yagwetsera m'madzi.

N'chifukwa chiyani amati m'chilimwe trout imachenjera kwambiri?

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, mtsinje umachepa ndipo madzi amayera mpaka kuona mchenga wa pansi. Nsomba imene m'dzinja inali ndi madzi akuya obisalamo tsopano ili poyera. Adani ake, kakowa, nkhwazi, katumbu, ambiri amachokera kumwamba kapena kugombe. Choncho chilichonse choyenda pamwamba pake chimakhala imfa kwa iyo. Chithunzithunzi cha ndodo, kunyezimira kwa wotchi, chingwe chodutsa pamutu pake, zonsezi zimaithawitsira pansi pa mwala, ndipo ikalowa mmenemo singatulukenso msanga. Choipa n'chakuti imodzi ikathawa imadzidzimutsa zinzake zonse za padziwepo.

Maonedwe ake ndi odabwitsa. Kuwala kukamalowa m'madzi kumapindika, ndiye nsomba imaona dziko lonse lakunja kudzera pa kazenera kozungulira kamene kali pamwamba pa mutu wake. Kukula kwa kazenerako ndi kuwirikiza kawiri, n'kupitirirako pang'ono, kuya kwa pamene nsombayo ili. Ikakhala theka la mita pansi pa madzi, kazenera kake kamatambalala mita imodzi ndi pang'ono. Zinthu zazitali, monga munthu woimirira pagombe, zimaonekera bwino m'kazeneramo. Zinthu zazifupi, zoyandikira pansi, zimafinyikira m'mphepete mwake ndipo sizioneka bwino. Munthu wonyonyomala amakhala ngati wasowa, pamene woimirira chilili kumbuyo kwake kuli thambo loyera amaoneka ali patali.

Kuwonjezera pa maso, nsomba ili ndi mzere wa timabowo m'nthiti mwake umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Phazi lopondedwa mwamphamvu pagombe, miyala yogundana pansi pa mapazi a munthu woyenda m'madzi, timafunde timene mawondo ake akutumiza kutsogolo, zonsezi zimaifikira munthuyo asanaione n'komwe. Mawu olankhula saivutitsa kwenikweni chifukwa salowa bwino m'madzi. Mapazi ndiwo amaulula.

Ndipo m'madzi odekha a m'chilimwe imakhala ndi nthawi yoiyang'anitsitsa nyambo. Imatha kukwera, kuilondola pang'ono ili pansi pake, n'kubwerera osaikhudza. Amene anaonapo zimenezi amadziwa mmene mtima umagundira.

Ndiye munthu amaiyandikira bwanji nsomba yotere?

Choyamba ndi kusaponya. Fikani pamtsinje, khalani pansi patali ndi madzi, muyang'ane kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Muone pamene madzi othamanga akulowera m'dziwe, pamene thovu likuyenda mondondozana, pamene gombe lakumbika kunsi, pamene udzu wawerama n'kupanga mthunzi. Mzere wa thovu ndi msewu wa chakudya, chifukwa pamene madzi akusonkhanitsa thovu ndi pamenenso akusonkhanitsa tizilombo. Nsomba imakonda kuima pa madzi odekha oyandikana ndi othamanga, kuseri kapena kutsogolo kwa mwala, kuti isatope koma chakudya chizidutsa pafupi. Mukadekha muyamba kuona timizere tozungulira pamwamba pa madzi pamene yatola kanthu, kapena mthunzi wake pansi pa mtsinje, umene nthawi zambiri umaoneka msanga kuposa nsomba yeniyeniyo.

Chachiwiri ndi kuyambira kumunsi kupita kumtunda. Nsomba ya mumtsinje imaima mutu utaloza kumene madzi akuchokera, pakuti chakudya ndi mpweya zimachokera kumeneko. Kumbuyo kwake, kumchira, kuli malo amene siiona bwino. Wowedza amadzera kumeneko. Matope amene mapazi ake avundula amapitanso kumunsi, kutali ndi nsomba zimene sanazifikire.

Kenako ndi zija amadziwa mlenje aliyense: zovala zosawala, za mtundu wa udzu kapena dothi, kuyenda pang'onopang'ono, kukwawa pamene pafunika kukwawa, kusamala kuti dzuwa lisagwetsere chithunzithunzi chanu pamadzi. Ku Nyika izi zimavuta kwambiri chifukwa timitsinje take timadutsa m'udzu waufupi, mopanda mitengo yobisalira. Ngati n'kotheka kuwedza osalowa m'madzi, musalowemo.

Poponya, musaulutse chingwe pamwamba pa nsomba. Chiulutsireni chakumbali kuti muyeze mtunda, kenako nyambo itere mita imodzi kumtunda kwa nsombayo, nayiloni yokha ndiyo idutse pafupi nayo. Kuponya koyamba n'kumene kuli ndi mwayi waukulu. Anthu ambiri amalimbikira kuphunzira kuponya patali, koma pakamtsinje ka m'chilimwe mamita asanu ndi limodzi oponyedwa bwino amaposa makumi awiri oponyedwa mwaphokoso. Ine ndimaona kuti luso lenileni lili m'mawondo ndi m'maso, dzanja limabwera pambuyo.

Nyambo yabwino ndi iti?

Funso limeneli ndi limene oyamba kumene amalikonda, koma si lofunika kwambiri monga amaganizira. M'madzi ochepa ndi oyera, nyambo ikhale yaing'ono ndi yosawala. Mbedza za nambala 14 mpaka 18 n'zokwanira, ndipo pa mbedza zimenezi nambala ikamakula mbedzayo imachepa. Nayiloni ya kunsonga ikhale yopyapyala, cha pa mamilimita 0.12 mpaka 0.15. Imodzi mwa nyambo zotchuka padziko lonse inapangidwa ndi Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku England, ndipo ilibe china koma tiulusi ta nthenga ya kumchira kwa mbalame yotchedwa pheasant ndi kawaya ka kopa. Ndi yosakongola, koma imafanana ndi tizilombo ta pansi pa mwala tija.

Chofunika kuposa mtundu wa nyambo ndi kayendedwe kake. Kachilombo kenikeni kamayenda pa liwiro la madzi amene kalimo. Nyambo yomangidwa ku chingwe imakokedwa, chifukwa pakati pa inu ndi iyo pali madzi ena othamanga ena odekha, ndipo chingwe chikagwidwa ndi othamangawo chimaikwekwereza nyambo n'kusiya kamzere pamadzi. Ngakhale kukokedwa kochepa kumene inu simukukuona, nsomba imakuona, ndipo imakana. Mankhwala ake ndi kuponya chingwe chokhotakhota pang'ono osati chokungika, kukweza ndodo kuti chingwe chambiri chisagone pamadzi, ndi kusuntha inuyo n'kuima pamene madzi a pakati panu ndi nsomba akuyenda mofanana. Nsomba ikakana kawiri, ambiri amathamangira kusintha nyambo, pamene akanayenera kusintha malo oimapo.

Masiku a mphepo, kapena mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, malamulo amenewa amafewa. Chiwala chikagwera m'madzi chimagwa ndi kaphokoso, ndipo nsomba imakayembekeza kaphokoso kameneko m'mphepete mwa udzu.

Kugwira nsomba n'kuibwezeranso m'madzi, kumeneko si kusewera ndi ndiwo?

Funsoli n'lomveka, ndipo aliyense amene anagonapo ndi njala ali ndi ufulu wolifunsa. M'dera limene usipa wouma umachokera kutali ndipo mtengo wake umakwera chaka ndi chaka, kuona munthu akumasula nsomba yonona n'kuisiya ipite kumapweteka mtima. Sindinganene kuti kudya nsomba imene wagwira movomerezeka n'kulakwa.

Koma tiyeni tiwerenge. Kamtsinje ka pamwamba pa phiri kali ndi chakudya chochepa, ndipo dziwe limodzi limasunga nsomba zazikulu ziwiri kapena zitatu basi. Wowedza waluso akhoza kuzimaliza tsiku limodzi, ndipo kuti zina zikule pamafunika zaka. Nsomba yomweyo ikabwezeredwa, mlendo wina adzailipirira chiphaso, malo ogona, ndi womuperekeza wochokera m'midzi yozungulira. Kumalo otetezedwa, nsomba yamoyo imabweretsa ndalama kangapo. Chofunika n'chakuti ndalamazo zizifikadi kwa anthu a m'mphepete mwa Nyika, amene makolo awo ena anasamutsidwa pamene malire a malo otetezedwawa anakulitsidwa mu 1978. Popanda zimenezo, kuwauza kuti nsomba ndi yoonera chabe n'kuwanyoza.

Wobwezera nsomba azichita bwino, apo ayi akungoipha mochedwa. Kadzino ka mbedza kamene kamaletsa nsomba kupulumuka akaphwanye ndi pulayazi kuti mbedza izichoka mosavuta. Asalimbane nayo nthawi yaitali mpaka kulefuka. Anyowetse manja asanaigwire kuti asachotse zoterera za pakhungu zimene zimaiteteza ku matenda, asaifinye pamimba, ndipo aimasule ili m'madzi momwemo, mutu utaloza kumtunda, mpaka ichoke yokha. M'chilimwe awedze m'mamawa madzi akadali ozizira, kapena madzulo tizilombo tikayamba kuuluka. Madzi akafika madigiri 20 apinde ndodo, chifukwa nsomba yotopa m'madzi ofunda imatha kusambira ngati ili bwino n'kukafera patsogolo.

Zida zake si za anthu olemera okha?

Za m'sitolo n'zodula, ndipo zambiri zimachokera ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja. Koma lusoli silinayambe ndi zida zodula. M'mapiri a ku Japan, asodzi osauka amene ankagwira nsomba zogulitsa anali ndi njira yawo yotchedwa tenkara: ndodo yaitali ya nsungwi, chingwe cholukidwa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi chomangidwa kunsonga kwa ndodoyo, ndi nyambo imodzi ya ulusi ndi nthenga ya nkhuku. Analibe kagudumu kokulungirapo chingwe. Lero njira imeneyi yafalikira mpaka ku America ndi ku Ulaya, ndipo pa timitsinje ting'onoting'ono imagwira ntchito bwino kwambiri chifukwa ndodo yaitali imanyamula chingwe chonse m'mwamba, nyambo yokha n'kumayenda ndi madzi.

Mnyamata wa ku Embangweni kapena ku Mabilabo ali nazo kale zonse zofunika. Nsungwi yowongoka, yopyapyala kunsonga, ya mamita atatu ndi theka. Nayiloni yonenepa pang'ono yotalika ngati ndodoyo, ndi ina yopyapyala ya mita imodzi kunsonga. Mbedza yaing'ono. Ulusi wosokera wakuda kapena wabulauni wokulunga thupi la nyambo, kawaya ka kopa ka muwailesi yakufa ngati akufuna kuti imire, ndi nthenga ya m'khosi mwa tambala kapena ya nkhanga yozunguliza kawiri kuseri kwa diso la mbedza. Nthenga za nkhanga, ndi timadontho take toyera, amazigula ndi ndalama omanga nyambo a kunja, pamene kuno zimangouluzika pabwalo.

Nanga nsomba zathu zingadye nyambo yotere?

Zimadya, ndipo kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza. Matemba amatola tizilombo pamwamba pa madzi madzulo aliwonse. Chilunguni chimatenga kanyambo komira. Ku South Africa anthu ambiri tsopano amawedza ndi nthenga nsomba za komweko zotchedwa yellowfish mumtsinje wa Vaal ndi wa Orange, ndipo zimenezi ndi abale ake a ngumbo ya m'mitsinje yathu.

Koposa zonse tili ndi mpasa ndi mng'ono wake sanjika. Mpasa imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yothiramo yokha, kwina kulikonse padziko kulibe. Imakula mpaka makilogalamu anayi, imasaka tinsomba, ndipo ikafuna kuswana imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua, Dwangwa, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe kukafuna timiyala toyera, mofanana ndi trout. Mumtsinje wa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, alendo amaiwedza n'kuibwezera. Koma mpasa ili pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi ya kutha. Maukonde otchinga pamathiriro a mitsinje, katupe, ndi matope okwirira timiyala zaichepetsa kwambiri.

Matope amenewo ena amachokera kwathu kuno. Jenda ali pafupi ndi msana umene umagawa madzi: ena amapita kumpoto ndi South Rukuru, ena amatsikira ku Dwangwa, ndipo a kutsidya kwa malire amalowera ku Lundazi mpaka ku Luangwa. Dimba lolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mitengo ya m'khwawa yothera makala, moto wolusa m'mapiri a Viphya chaka ndi chaka, zonsezi zimakathera pa timiyala pamene mpasa imaikira mazira, makilomita ambiri kumunsi. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena mabomba, koma dziwe lothiridwa katupe kapena lokokedwa ndi neti ya udzudzu silifera nsomba zokha. Tizilombo ta pansi pa miyala timathera pomwepo, ndipo nsomba zobwera pambuyo zimapeza mopanda chakudya.

Bwanji osangobweretsa trout m'timitsinje tozizira ta ku Viphya, kufupi ndi Luwawa, kuti alendo aziima kuno?

Ayi, ndipo ndikukana ndi mtima wonse. Rainbow trout ili pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa m'dziko la eni, umene unakonzedwa ndi akatswiri a bungwe la IUCN. Imadya tinsomba, mbululu ndi tizilombo ta komweko, zimene sizinazolowere mdani wotere. Ku Lesotho, kansomba kotchedwa Maloti minnow, kamene kamapezeka m'mapiri a kumeneko, kanatha m'mitsinje ina trout italowamo ndipo kanatsalira kumtunda kwa mathithi kumene trout sinathe kukwera. Ku Western Cape, ku South Africa, zachitikanso chimodzimodzi ndi tinsomba ta zipsepse zofiira. Kumene trout inalowa kale, monga ku Chelinda, nkhani ndi ya kuisamala kuti isafalikire. Kumene sinalowe, isalowe. Kusamutsa nsomba yamoyo kuchoka mtsinje wina kupita wina popanda chilolezo cha a nthambi ya za usodzi n'koopsa, ngakhale nsombayo ikhale yathu yomwe.

Ngati tikufuna alendo a ndodo aziima kumwera kwa Mzimba, chimene chingawaimitse ndi mtsinje woyera wokhala ndi nsomba zimene sangazipeze kwawo. Trout ali nayo kale ku Nyanga, ku Dullstroom ndi ku Scotland.

Wofuna kukayesa ku Nyika ayambire pati?

Kuchokera pa Jenda ndi msewu wa M1 kudutsa Chikangawa ndi Mzuzu, n'kukhotera ku Rumphi. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita opitirira 100 kudzera pa chipata cha Thazima, ndipo msewuwo umafuna galimoto yolimba, makamaka mvula ikayamba. Mafuta ndi zakudya mugulire ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Nyika ndi malo otetezedwa kuyambira 1965, ndipo kuyambira 2023 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ikuyendetsa malowa mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation. Musanaponye mbedza funsani ku ofesi ya ku Chelinda za chiphaso, malo ololedwa ndi nyengo yake, chifukwa trout imaswana m'miyezi yozizira ndipo nthawi imeneyo siyenera kusokonezedwa. Nyongolotsi ndi maukonde zisiyeni kunyumba.

Yambirani padamu, pamene pali malo otambalala ophunzirira kuponya popanda kukola udzu, ndipo mukazolowera mupite kukamtsinje. Koma kuponyako mukhoza kuyamba kuphunzira muli kuno, pabwalo la mpira, ndi kaubweya kunsonga m'malo mwa mbedza, mukuyesa kukagwetsa m'mbale yoikidwa pa mamita asanu ndi limodzi. Tengani juzi yokhuthala ngakhale mu Okutobala, pakuti usiku wa ku Chelinda umazizira, ndiponso chipewa ndi magalasi, oteteza maso ku dzuwa la pamwamba pa phiri ndi ku mbedza yobwerera ndi mphepo.